Asilikali a mtovu, a pulasitiki ndi odzipentera: kusankha njira yosonkhanitsira tizidole tankhondo

Kamsilikali ka mtovu kamene kanapangidwa ku London zaka 100 zapitazo kamadabwitsa munthu amene akukanyamula koyamba, chifukwa kamapepuka kuposa mmene maso amaganizira. M'kati mwake mulibe kanthu. Pamutu pake nthawi zambiri pamapezeka kabowo kakang'ono, ndipo mpamene mtovu wotsala unkatulukira, mmisiri akathira chitsulo chosungunuka m'chikombole n'kuchikhuthula msangamsanga chisanaume chonse. Dzanja lonyamula mfuti limazungulira paphewa, masaya ali ndi kadontho kofiirira, ndipo utoto, ngakhale utakanduka pamphuno ndi m'zigongono, umanyezimirabe. Kachidole kotere kanapangidwira mwana woti azikagubuduza pansi mpaka kathyoke khosi, koma lero amene amakafunafuna ndi anthu a imvi zawo, amene amakagwira ngati dzira ndipo salola mwana kukayandikira.

Amene sanalowemo amaganiza kuti kusonkhanitsa tiasilikali ndi chinthu chimodzi, pomwe ndi njira zingapo zimene sizikumana kawirikawiri. Pali anthu amene amafuna zidole zakale zenizeni, ena amagula zatsopano zopentedwa kale kuti azingoika m'kabati, ena amagula zosapenta chifukwa chisangalalo chawo chili pa burashi, ndipo ena amafuna magulu athunthu ankhondo oti aziseweretsa patebulo ndi anzawo. Ndalama zambiri zimene oyamba kumene amataya zimapita chifukwa chakuti amagula chilichonse chowakopa maso asanadzifunse kuti mwa zinthu zinayizi iwo akufuna chiti, ndipo pakatha chaka amapezeka ndi shelefu ya tizidole tosagwirizana msinkhu, nyengo ngakhale kapangidwe.

Nkhani ya msinkhu ndiyofunika kuimvetsa musanatulutse khobidi, chifukwa ndiyo imamanga munthu kwa zaka zambiri. Muyeso wakale wa tiasilikali ndi mamilimita 54, umene umalembedwanso kuti 1:32, kutanthauza kuti chidolecho n'chochepa ka 32 poyerekeza ndi munthu weniweni. Makampani ambiri amakono opanga zopentapenta amagwiritsa ntchito 1:30, umene uli pafupifupi mamilimita 60. Papepala kusiyanaku kumaoneka ngati kwachabe, koma mukaimika awiriwa pamzere umodzi, wa 54 amaoneka ngati mng'ono wa mnzake amene wabwereka yunifolomu. Omanga akasinja ndi magalimoto ankhondo amakonda 1:35, mabokosi otchipa a pulasitiki amakhala a 1:72, momwe munthu amatalika mamilimita 23 mpaka 25, ndipo oseweretsa patebulo amakonda mamilimita 28 kapena 15. Zinthu monga nyumba, mitengo, mizinga ndi akavalo zimayenera kutsatira muyeso womwewo, choncho kusintha maganizo pakati pa ulendo kumatanthauza kuyambiranso pachiyambi.

Njira imene ili ndi ulemu waukulu pakati pa osonkhanitsa ndi ya zidole zakale za mtovu, ndipo dzina limene limamveka kwambiri kumeneko ndi la kampani ya Britains ya ku London. Mu 1893 William Britain wamng'ono anayamba kupanga tiasilikali topanda kanthu m'kati, ndipo popeza chitsulo chinkalowa chochepa, anatha kugulitsa motchipa kuposa makampani a ku Germany amene ankalamulira msika nthawi imeneyo ndi zidole zolemera zodzaza mtovu. Bokosi loyamba pamndandanda wa kampaniyo linali la asilikali a pakavalo a Life Guards, ndipo pambuyo pake panatsatira mabokosi mazanamazana, lililonse ndi nambala yake, zimene zimathandiza wosonkhanitsa kudziwa chimene ali nacho ndi chimene chikusowa. Zidole za mtovu za mtunduwu zinasiya kupangidwa mu 1966, anthu atazindikira kuopsa kwa mtovu kwa ana komanso pulasitiki italanda msika. Kupatula Britains pali Heyde ya ku Dresden, imene fakitale yake inawonongeka mzindawo utaphulitsidwa ndi mabomba mu 1945, komanso Lucotte ndi Mignot za ku Paris, zimene okonda nyengo ya Napoleon amaziika patsogolo.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti chimene mwagwira m'manja ndi mbiri pachokha, osati chifaniziro chabe cha mbiri. Kuipa kwake n'kwakuti mtengo suyendera kukongola, koma umayendera zinthu zimene woyamba kumene satha kuziona. Kamsilikali kokanduka koma kokhala ndi utoto wake woyambirira kamadula kuposa kamene wina wakapakanso utoto watsopano mwaluso, ndipo gulu lathunthu limene likadali m'bokosi lake lofiira, lomangidwa ndi ulusi pakatoni monga linachokera m'sitolo, limaposa kutali mtengo wa tiasilikali tomweto tikamagulitsidwa kamodzikamodzi. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ndinagula pa intaneti tiasilikali tisanu ndi titatu timene wogulitsa analemba kuti n'tosakhudzidwa, ndipo titafika ndinasangalala ndi kuwala kwake, mpaka mkulu wina wodziwa zinthuzi anatembenuza kamodzi n'kundionetsa kuti utoto wobiriwira wa popondera unali utadontha n'kukwirira zilembo za kunsi, ndipo mutu wa kena unali womatidwa ndi kamtengo ka machesi m'khosi. Sanandinyoze, anangonena kuti aliyense amalipira sukulu imeneyi kamodzi.

Palinso matenda amene amagwira mtovu wakale. Chidole chimayamba kuoneka chotuwa, kenako pamatuluka ufa woyera ngati phulusa, ndipo mapeto ake chimafumbutuka. Zimenezi zimachitika mtovu ukakumana ndi chinyontho pamodzi ndi mpweya wa asidi umene umatuluka m'matabwa ena, makamaka a mtengo wa oak, komanso m'guluu ndi penti zina. Kabati yokongola yotsekedwa bwinobwino, imene mwiniwake amaiona ngati chitetezo, ikhoza kukhala ndiyo ikudya asilikali ake, n'chifukwa chake odziwa amasankha mashelefu a galasi kapena a chitsulo ndipo amalola mpweya kuyenda. Ufa umenewo ndi poizoni, motero munthu ayenera kusamba m'manja akagwira zidolezi, ndipo m'nyumba mokhala ana aang'ono ziyenera kukhala pamalo okhomedwa.

Ena amalowa njirayi poganiza kuti akusunga chuma. N'zoona kuti zosonkhanitsa zina zotchuka zagulitsidwapo ndalama zambiri, monga za Malcolm Forbes, mwini magazini wa ku America, amene ankasunga tiasilikali take masauzande ambirimbiri m'nyumba yachifumu ya Palais Mendoub ku Tangier m'dziko la Morocco, ndipo tinagulitsidwa pa okushoni ya Christie's mu 1997. Koma zimene zimakwera mtengo ndi zosowa kwambiri zokha, pomwe magulu wamba amene anapangidwa ochuluka amapezeka nthawi iliyonse, ndipo anthu amene anakula akuseweretsa zidolezi, omwe ndi amene ankazilimbirana kwambiri, akutha pang'onopang'ono. Amene akufuna phindu angachite bwino kuika ndalama zake kwina. Njirayi ndi ya munthu wodekha, wokonda kuwerenga mindandanda yakale, amene sadandaula kutha miyezi isanu ndi umodzi akudikira bokosi limodzi.

Pafupi ndi njira imeneyi pali tinjira tiwiri ta ku Germany timene sitiyenera kuiwalika. Koyamba ndi ka tizidole tophwatalala ta chitini, topyapyala ngati ndalama yachitsulo, timene timaumbidwa m'zikombole zozokotedwa pamwala wa sileti. Mzinda wa Nuremberg ndiwo unatchuka nato, makamaka kudzera m'banja la Heinrichsen limene linayamba ntchitoyi mu 1839, ndipo muyeso wake wodziwika ndi mamilimita 30. Timatenga malo ochepa kwambiri ndipo n'totchipa tikakhala tosapenta, koma kutipenta kumafuna luso la wojambula zithunzi, chifukwa mithunzi ndi kuwala zonse ziyenera kuchokera ku burashi. Nyumba yosungiramo tizidole totere ili m'linga la Plassenburg ku Kulmbach. Kachiwiri ndi ka zidole zotchedwa Elastolin ndi Lineol, zoumbidwa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu mozungulira waya. Zimaoneka zamoyo, koma waya wa m'katiwo ukachita dzimbiri umatupa n'kung'amba chidolecho, choncho kumalo achinyezi ndi zosautsa kusunga.

Njira yachiwiri yaikulu ndi yogula zidole zachitsulo zamakono zimene zimabwera zitapentedwa kale. Apa palibe kudikira okushoni kapena kuopa kunamizidwa za utoto, chifukwa munthu amasankha pamndandanda, n'kulipira, bokosi n'kufika. Kampani imene inakuza kwambiri msikawu ndi King & Country ya ku Hong Kong, imene inayamba m'zaka za m'ma 1980, ndipo pali enanso monga First Legion, John Jenkins Designs ndi Thomas Gunn. Dzina la W. Britain nalonso likadalipo, ngakhale kuti eni ake tsopano ali ku America. M'njirayi muli magulu awiri amene sagwirizana kawonedwe. Ena amakonda utoto wonyezimira wotengera zidole zakale, ndi asilikali oima mowongoka pa pelete, pomwe ena amakonda utoto wosawala umene umaonetsa matope pansapato, makwinya a malaya ndi nkhope yotopa. Onse awiri ali ndi kukoma kwake, koma pashelefu imodzi amatsutsana, ndipo ndi bwino kusankha mbali imodzi.

Vuto la njirayi ndi mtengo. Msilikali mmodzi woyenda pansi wa mtunduwu amadya ndalama zimene zingagule mabokosi angapo a pulasitiki okhala ndi tiasilikali 40 kapena kuposerapo m'bokosi lililonse, ndipo wa pakavalo kapena kasinja amadula kwambiri kuposa pamenepo. Makampaniwa amapanga zidole zowerengeka kenako n'kuzichotsa pamsika, zimene zimachititsa wogula kukhala ndi phuma loti akapanda kugula mwezi uno sadzazipezanso, ndipo phuma limeneli ndi limene limaphwetsa matumba a anthu. Chinanso chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti chisangalalo cha njirayi chimatha msanga. Kumasula bokosi ndi kuimika chidole kumatenga mphindi khumi, ndipo zikatha pamenepo chotsala ndi kupukuta fumbi ndi kuyembekezera bokosi lotsatira. Kwa munthu wotanganidwa amene ali ndi ndalama koma alibe nthawi, kapena amene maso ndi manja ake sangathenso kugwira burashi yaying'ono, iyi ndi njira yabwino, ndipo sindikuona chifukwa choinyozera monga amachitira ena odzipentera okha. Amene akufuna kulawa kaye popanda kuwononga zambiri angayambe ndi zidole za Del Prado, zimene zinkagulitsidwa pamodzi ndi timagazini ndipo lero zimapezeka zambiri pamisika ya kaunjika ku Ulaya, ngakhale kuti kapentedwe kake n'kapakatikati.

Njira yachitatu, imene ndimaikonda ndipo sindibisa, ndi yogula zosapenta n'kuzipenta nokha. Khomo lotchipa kwambiri ndi mabokosi a pulasitiki a 1:72, amene Airfix ya ku Britain inawatchukitsa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo pambuyo pake panabwera Italeri ya ku Italy, Revell, Zvezda ya ku Russia ndi HaT. Pafupifupi nkhondo iliyonse yodziwika, kuyambira Aroma mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ili ndi bokosi lake pamuyeso umenewu, ndipo gulu lonse lankhondo limakwana m'katoni ya nsapato. Amene akufuna zidole zazikuluko zokhala ndi tsatanetsatane amapita ku 1:35, kumene Tamiya ya ku Shizuoka m'dziko la Japan ndi dzina lakale lodalirika, ndipo kumeneko msilikali amabwera m'zidutswa zoti mulumikize nokha mutu, manja, chikwama ndi mfuti. Pamwamba pa zonsezi pali zidole zazikulu za mamilimita 75 kapena 90, komanso zifaniziro za mutu ndi chifuwa chokha, zimene munthu amatha mwezi wathunthu akupenta chimodzi.

Zida zoyambira sizichuluka. Pamafunika maburashi awiri kapena atatu abwino, kampeni kakuthwa kochotsera timizere totsala m'chikombole, guluu woyenera, utoto woyambira umene umathandiza penti kugwira, ndi mitundu khumi kapena khumi ndi iwiri ya penti. Penti ya akiriliki, monga ya Vallejo ya ku Spain, imasungunulidwa ndi madzi, imauma msanga ndipo ilibe fungo lamphamvu, pomwe ya enamelo, monga ya Humbrol ya m'tizitini ting'onoting'ono, imalimba kwambiri koma imafuna mankhwala osungunulira ndipo imachedwa kuuma. Woyamba kumene amene akupentera patebulo lodyera angachite bwino ndi akiriliki, chifukwa a m'nyumba sadzadandaula za fungo. Chinsinsi chachikulu ndi kusungunula penti mpaka ikhale ngati mkaka n'kupaka kawiri kapena katatu mopyapyala, m'malo mopaka kamodzi mokhuthala, chifukwa penti yokhuthala imakwirira mabatani ndi maso, ndipo msilikali amatsala ngati wamira m'phala.

Pulasitiki nayo ili ndi msampha wake umene mabokosi safotokoza. Tiasilikali tambiri ta 1:72 timapangidwa ndi pulasitiki yofewa, yopindika, ndipo timatuluka m'fakitale tili ndi mafuta ochepa a m'chikombole. Bokosi langa loyamba ndinalipenta osalitsuka, ndinatha madzulo a milungu itatu ndikulimbana ndi malamba oyera a asilikali a nyengo ya Napoleon, ndipo tsiku limene ndinawanyamula kuti ndiwaike pashelefu mfuti zinapindika pang'ono, utoto n'kuyoyoka ngati makoko a mtedza. Mankhwala ake ndi osavuta, kungotsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, kupaka utoto woyambira kapena guluu wa matabwa wosungunula, ndipo pomaliza kupaka vanishi. Pulasitiki yolimba, monga ya Tamiya ndi ya zidole zambiri za mamilimita 28, ilibe vutoli, koma imathyoka m'malo mopindika, ndiye mikondo ndi mabeneti zimafuna kusamala.

Kuipa kwenikweni kwa kudzipentera ndi nthawi, ndiponso chizolowezi chogula mofulumira kuposa mmene dzanja limapentera. Pafupifupi aliyense wa njirayi ali ndi mulu wa mabokosi osatsegula umene amaubisa pansi pa bedi kapena pamwamba pa wodilopu, ndipo amauseka yekha podziwa kuti moyo wake sungakwane kuumaliza. Zidole zoyamba zimatulukanso zoipa, ndipo palibe njira yolambalala zimenezo. Koma pali chinthu chimodzi chimene njira zinazo sizingapereke, ndicho ufulu wopanga gulu limene palibe kampani imene inaganizapo kulipanga, ndipo ndibwereranso ku mfundo imeneyi.

Njira yachinayi ndi yosonkhanitsa magulu ankhondo oti aziseweretsedwa. Masewera oyerekezera nkhondo patebulo anayamba ngati maphunziro a akuluakulu a asilikali ku Prussia, kumene malamulo a masewerawa, olembedwa ndi msilikali wina dzina lake Reisswitz, anavomerezedwa ndi gulu lankhondo mu 1824, ndipo mu 1913 mlembi H. G. Wells anasindikiza malamulo osavuta a anthu wamba m'buku lotchedwa Little Wars, momwe osewera ankagwetsa tiasilikali ta mtovu ndi kamzinga kachidole kowombera timitengo. Masiku ano palibe amene amaponyera kanthu zidole zimene wazipenta movutikira. M'malo mwake pamagwiritsidwa ntchito tepi yoyezera, madayisi ndi buku la malamulo. Likulu la malondawa ndi mzinda wa Nottingham ku England, kumene kuli Warlord Games, eni masewera a Bolt Action, komanso Perry Miniatures ya abale awiri amapasa, Alan ndi Michael Perry, ndipo zidole zawo zambiri ndi za mamilimita 28. Okonda nkhondo za akasinja ambiri amasankha mamilimita 15, monga a masewera a Flames of War ochokera ku New Zealand, chifukwa patebulo limodzi pamakwana zambiri.

Kusiyana kwa njirayi ndi zinazo n'kwakuti siyendeka munthu ali yekha. Muyeso ndi nyengo zimene mungasankhe ziyenera kugwirizana ndi zimene anzanu osewera nawo ali nazo, chifukwa gulu lankhondo lokongola la Aroma lilibe ntchito ngati onse a m'dera lanu akusewera nkhondo ya 1944. Amene amakhala ku Britain savutika, popeza makalabu alipo m'matauni ambiri ndipo chaka chilichonse ku London kumachitika chionetsero chachikulu chotchedwa Salute, ndipo m'mizinda ikuluikulu ya ku South Africa mumapezekanso masitolo ndi magulu a osewera. Amene ali kumalo kopanda kalabu ayenera kuwerengera kuti adzagula ndi kupenta mbali zonse ziwiri zankhondo, kenako n'kuphunzitsa mnzake malamulo, ndipo apa mpamene 1:72 imaposa miyeso ina yonse, chifukwa magulu awiri athunthu amatheka ndi mabokosi anayi kapena asanu. Kapentedwe ka zidole zoseweretsa sikafunanso kufika pa luso la chionetsero, popeza zimaonedwa munthu ataimirira patali ndi tebulo, ndipo zimagwidwagwidwa ndi manja a thukuta.

M'zaka zaposachedwa kwabwera makina osindikiza zinthu za 3D, amene amaumba chidole kuchokera ku utomoni wamadzimadzi pogwiritsa ntchito kuwala. Munthu amagula fayilo pa intaneti n'kusindikiza asilikali ochuluka mmene angafunire, pamuyeso uliwonse, popanda kulipira mtengo wotumizira katundu. Pamaso zimaoneka ngati yankho la onse okhala kutali ndi masitolo, koma makinawo ndi ntchito ina payokha. Utomoni wosauma umawononga khungu ndipo umafuna magolovesi ndi chipinda chopita mphepo, zidole zimayenera kutsukidwa ndi mankhwala a sipiriti n'kuumitsidwa, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito ya maola asanu, zonse zimatayika pamodzi ndi utomoni wake. Kwa gulu la anthu angapo osonkherana makina amodzi zikhoza kupindula, koma kwa woyamba kumene ndi katundu wolemetsa msanga.

Kwa wogula amene katundu wake ayenera kuwoloka nyanja, kulemera kwa chidole kumasanduka mbali ya mtengo wake. Chitsulo chimalemera, choncho kutumiza kumadula, ndipo pamwamba pake pamabwera msonkho wa kasitomu. Zidole zopentedwa kale zimathyokanso mosavuta paulendo, ndipo kubweza chidole chothyoka beneti kwa wogulitsa wa kutsidya kwa nyanja kumadya ndalama zoposa chidolecho. Pulasitiki yosapenta, imene imakhala ikadali pamafelemu ake, imapepuka ndipo imapirira kuponyedwaponyedwa, moti wachibale wobwera kutchuthi akhoza kuika mabokosi atatu pakati pa zovala osamva kulemera. Penti ndiyo imafuna kuganizira, chifukwa ya m'zitini zopopera ndi ya enamelo siziloledwa m'ndege, pomwe timabotolo ta akiriliki tilibe vuto lotere. Kutentha nako kuli ndi gawo lake, popeza dzuwa lolowera pawindo limafwifwitsa utoto ndi kufooketsa pulasitiki yakale mpaka kumathetheka ngati bisiketi.

Mukasankha njira ndi muyeso, chotsala ndi nyengo ya mbiri, ndipo apa msika uli ndi tsankho lake. Nkhondo za Napoleon, makamaka ya Waterloo ya pa 18 June 1815, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndizo zadzaza mindandanda ya makampani onse. Mu Africa, nkhani imene imapangidwa mobwerezabwereza ndi ya Azulu ndi Angerezi mu 1879, ku Isandlwana ndi ku Rorke's Drift, moti munthu angaganize kuti kontinenti yonseyi inamenyapo nkhondo imodzi yokha. Komabe wofunafuna amapeza zina. Makampani ena ang'onoang'ono a ku Britain apangapo ankhondo a Chingoni a mamilimita 28, ndi zishango ndi nthenga zawo, ndiponso asikari, amene anali asilikali a mu Africa olembedwa m'magulu osiyanasiyana a nthawi ya atsamunda. Sikuti aliyense amamasuka kuika zidole za nkhondo za atsamunda pabalaza pake, ndipo maganizo amenewo ndimawamvetsa, koma kwa ine funso limakhala lakuti chidolecho chikuimira ndani, ndipo chikumuimira molondola kapena ayi.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kusiyana kwa njira zonsezi ndi gulu la King's African Rifles. Gululi linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a ku Nyasaland. Asilikali ake anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga mu September 1914, anathamangitsana ndi magulu a mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, kum'mawa kwa Africa mpaka 1918, ndipo pankhondo yachiwiri anafika ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Chipilala chowakumbukira chilipo ku Zomba mpaka lero. Wosonkhanitsa zakale akhoza kufunafuna bokosi la Britains la King's African Rifles, la nambala 225, momwe asikari ovala khaki ndi zisoti zazitali zofiira akuguba mfuti zili paphewa. Ndi bokosi lokongola ndipo limapezeka pa okushoni nthawi ndi nthawi. Wogula zamakono zopentedwa kale ayenera kudikira kuti kampani ina iganize zopanga asikari, ndipo ikapanga, alandire mtundu umene yasankha.

Koma pali kanthu kamene wodzipentera yekha ndiye angakakonze. Pa pelete, mabataliyoni ambiri a gululi ankavala chisoti chofiira, pomwe a ku Nyasaland ankavala chakuda. Choncho bokosi lakale lija, ngakhale ndi lamtengo wapatali, likuimira bwino asikari a kumpoto, monga a ku Kenya ndi Uganda, kuposa amene ankaguba ku Zomba, ndipo kulipaka utoto wakuda kungakhale kuwononga chinthu cha mbiri komanso kutaya ndalama. Amene wagula asikari osapenta a mamilimita 28 alibe vuto limeneli. Amatenga burashi, napaka chisoti chakuda, nasankha yekha mtundu wa khungu m'malo molandira utoto umodzi wabulauni umene mafakitale ankapaka aliyense wa mu Africa, ndipo akafuna amawonjezera amtengatenga, anthu masauzande ambiri amene ananyamula katundu wa nkhondo yoyamba pamutu ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Zidole za onyamula katundu zimapezeka m'mindandanda ya makampani omwe aja, ngakhale zimagulitsidwa ngati zokongoletsera ulendo wa azungu ofufuza malo.

Pashelefu yanga pali asikari 24 a zisoti zakuda, ndipo kumbuyo kwawo kuli amtengatenga asanu ndi mmodzi, amene akatundu awo ndinawaumba ndi tizidutswa ta nsalu yoviika m'guluu chifukwa mabokosi amene anabwera nawo ankaoneka aukhondo kwambiri. Oyamba anayi amene ndinapenta ali ndi maso otong'oka ngati aona mzukwa, ndipo ndinawaika mzere wakumbuyo. Tiasilikali ta mtovu tisanu ndi titatu tija, topakidwanso utoto, tili pashelefu ya pansi patokha, chifukwa n'totalika kuwirikiza kawiri ndipo sitingaime pamzere umodzi ndi enawo.